Kalata Imene Olive Sanamalize

Lisasadzi,
Kasungu.
12 Ogasiti 2024

Okondedwa alongo anga a Lusiya,

Ndikhulupirira muli bwino ku Simlemba pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo. Uthenga wanu unandipeza, woti nyumba ya malemu amayi mwaifolera kale ndiponso mwapangana ndi mwini lole yodzatenga katundu wanga. Zikomo. Ndachedwa kuyankha chifukwa pali nkhani imene sindikanatha kuinena pa foni.

Chiliza cha Olive tidzavumbulutsa Loweruka pa 24, ndipo tsiku lomwelo akuchikazi adzakhala pansi kuti andisudzule monga mwa mwambo. Mukudziwa kuti pano ndine mkamwini. Munda ndi wa kwawo kwa Olive, ana ndi a mbumba ya alamu anga a Alick. Chigafa ndinamanga ndekha, koma chigafa sichinyamulika. Akanena kuti ndizipita, Nthanda ndi Chancy atsala.

Abusa anati mbiri ya malemu ikhale yotayipa kuti anthu adzagawane mapepala. Ndinatulutsa m'sutikesi laputopu imene Olive ankalembera zokambirana za kalabu yathu ya fodya. Chimwalirire chake ndinali ndisanaikhudze. Ndinapita nayo pamsika kwa Mayi Hasina, amene ali ndi shopu yopirinta, ndipo ndinawapempha kuti asandilembere koma andiphunzitse. Mbiri ya mkazi wanga ndinafuna ituluke m'zala zanga.

Anatsegula pulogalamu yolembera. Panaoneka tsamba loyera, pamwamba pake tizithunzi tambirimbiri tondandalikana ngati katundu wa m'golosale.

"Zonsezo zisiyeni, mungadwale nazo mutu," anatero. "Lero mudziwe zitatu basi: potsegulira, posungira, ndi kamzere kakuphethiraka. Pamene kaima ndi pamene mawu anu atulukire."

Nditayamba anaseka. "Bambo a Nthanda, mabataniwo si misomali! Agwireni ngati mukusankha fodya wouma."

Kenako kunabwera anthu ofuna fotokope, iwo n'kupita kukawathandiza. Ine ndinati ndiyesere potsegulira paja. Panatuluka mndandanda wa zonse zimene Olive analemba. Pamwamba penipeni panali mutu woti "Kwa achimwene", ndipo deti lake linali la masiku awiri tisanapite naye kuchipatala. Ndinadina.

Inali mizere itatu yokha. Ndikukoperani monga iliri: "Achimwene a Alick, ndikuona kuti matendawa sandisiya. Ana muwasunge pasukulu zivute zitani. Za bambo a Nthanda, ine ndikupempha kuti"

Basi. Pambuyo pa "kuti" kamzere kaja kanali kuphethira, kudikira.

Alongo, chimene ndinachita ndi ichi. Ndinayang'ana kukhomo, ndinaona kuti Mayi Hasina akadali otanganidwa, ndipo ndi chala chimodzi ndinalemba kuti "asachoke pamudzi pano." Zilembo zanga zinatuluka zofanana ndendende ndi zake. Mumakumbukira kalembedwe ka Olive, kopendekera kumanzere kaja, ndi kanga kokhala ngati nkhuku yapalasa. Pa galasi lija panalibe kusiyana. Ngakhale ine mwini sindikanaloza pamene iye anaimira.

Mayi Hasina anabwerera, osawerenga, n'kungoona kuti pali mawu. "Mwaona? Ubwino wa makinawa, palibe dzanja loipa. Aliyense amalemba mofanana. Ndipirinte?"

Ndinawapempha kuti adikire kaye. A Alick ankamumvera mlongo wawo, ndipo pepala limenelo likanathetsa nkhani yonse. Koma ine sindikudziwa chimene Olive ankafuna kupempha. Mwina ankati ndikhale. Mwinanso ankati andimasule msanga ndikayambe moyo wina kwathu, pakuti m'masiku omaliza ankandiuza kawirikawiri kuti ndatopa. Zaka makumi awiri ndi chimodzi sindinamulankhulirepo pamaso pa abale ake. Ndiyambe lero poti sangandidzudzule?

Ndinafunsa kuti chofufutira chili pati. Anandisonyeza batani la kamuvi koloza kumbuyo, nati ndikalipanikiza limathamanga lokha. Ndinaopa kuti lingadye ndi mawu ake omwe, choncho ndinkadina kamodzikamodzi, chilembo ndi chilembo, mpaka kamzere kanabwerera pambuyo pa "kuti". Potseka, makina anafunsa ngati ndisunge zimene ndasintha. Ndinakana. Kalatayo tinaipirinta monga anaisiyira.

Mbiri ndinailemba patsamba latsopano. Inanditengera masiku atatu, ndipo Mayi Hasina akuti tsopano ndikudina ngati munthu.

Pepala la Olive ndidzalipereka kwa a Alick asanakhale pansi. Iwo anakula naye, mwina adziwa mawu otsalawo kuposa ine. Za zimene ndinalemba n'kufufuta ndauza inu nokha. Musandiyese wolungama: kawiri konse ndatsegulanso tsamba lija kunyumba, n'kukhala ndikuyang'ana kamzereko manja ndili nawo pamaondo.

Pempho langa ndi lakuti mwini lole mumuuze adikire mpaka mutamva kuchokera kwa ine. Asadzafike pa tsiku la chiliza, ana angaone ngati ndinamanga kale katundu. Inuyo mubwere Lachisanu, ndipo mudzakhale pafupi nane pamene akulankhula. Mbewu ya nazale ndagula, koma sindinafese.

Mupereke moni kwa alamu, kwa a malume a Sunganani ndi onse apamudzi. Nthanda akuti mumubweretsere mtedza wa kwanu. Chancy wandifunsa ngati ku Simlemba n'kotheka kupita pa njinga n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndamuuza kuti ndifunsa kwa azakhali ake. Mukadzabwera, mudzamuyankhe ndinu.

Ine mlongo wanu,
Sankhani