Kapepala ka Pakhoma

Coimbatore,
9 Novembala, 2023.

Okondedwa achemwali Valliammai,

Ine ndili bwino, ngakhale mawondo anga akuti ndikunama. Kodi chifuwa chija chinakusiyani?

Mukukumbukira chithunzi chimene ndinatumiza pa gulu lathu la pafoni tsiku la Ayudha Puja, pamene timadalitsa zipangizo za ntchito? Ndinali kuveka maluwa makompyuta akuluakulu a kampani yathu, inu n'kumati ndikuoneka ngati mkwati. Achemwali, chithunzi chimenecho chikuchotsetsa munthu ntchito.

Kumbuyo kwanga, pakhoma, panali kapepala kamene ndakhala ndikukapukuta fumbi zaka zisanu ndi zinayi. Panalembedwa mawu achinsinsi a akaunti yopanda mwini, imene makina amagwiritsa ntchito potumizirana zinthu okhaokha. Imatsegula paliponse, ndipo palibe amene amaifunsa kumene ikupita. Mawuwo sanasinthidwepo, ati poopa kuti makina angaime. Chithunzi changa chinayenda m'mafoni mpaka chinafika kwa akuba. Analowa, n'kukopera mayina ndi maadiresi a makasitomala onse.

Mlandu wagwera Thenmozhi, mtsikana woyang'anira makompyuta amene anabwera chaka chathachi. Yekha ndiye akusamala mayi ake odwala. Kawiri konse anapempha mabwana kuti mawuwo asinthidwe, iwo n'kumuuza kuti adikire. Lero akuti ndiye anagulitsa mawuwo kwa akuba.

Dzana ndikumupatsa tiyi anandifunsa, "Agogo, m'chipinda cha makompyuta muja simunajambulemo?"

Ine ndinati, "Ndi nkhope iyi, mwanawe? Foni ikanasweka."

Anaseka, misozi ili lengelenge. "Inu agogo simudzakula," anatero. Kenako anandinong'oneza kuti Lolemba amuchotsa.

Mabodza anga mukuwadziwa. Ndinauzapo bwana Sundaresan kuti dazi lawo layamba kumera, iwo n'kumadziyang'anira pagalasi sabata yathunthu. Koma bodza ili lokha si loseketsa.

Kujambula m'chipindamo n'koletsedwa, ndipo lamulolo ndinasainira ndi dzanja langa. Mawa m'mawa ndikawaonetsa mabwana foni yanga. Chotsatira ndikuchidziwa. Zaka makumi atatu za umesenjala zithera pageti, kutangotsala miyezi inayi kuti ndipume mwaulemu. Thenmozhi mwina sadzandilankhulanso, koma Lolemba adzakhala pampando wake.

Mwana wanga Ilango musamuuze, ndimuuza ndekha ndikapeza pakamwa. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti wodya kwambiri uja akubwera, abise nthochi zawo. Mundisesereko kachipinda ka kuseri, ndipo musaike mphasa yongobwereka, chifukwa ulendo uno sindidzafulumira kubwerera.

Ndifika Loweruka pa basi ya masana. Musatume munthu kudzandichingamira, katundu ndi wochepa.

Ndine mlongo wanu,
Ponnusamy