Nkhata ya a Matiyasi ili pamanda panu

Amayi, kodi kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo. Nandolo wabereka chaka chino, ngakhale ogula akutiseka pasikelo. Mdzukulu wanu Esinala wachira mwana wamkazi kuchipatala cha ku Milepa, ndipo tam'patsa dzina lanu. Bondo langa lija la simenti ya kundende likumandiuza za mvula mitambo isanabwere.

Koma sesani pakhomo, kukubwera mlendo. A Matiyasi, mkulu wa mpingo uja, tawaika Lachiwiri, mapazi atatu kuchokera pamene mwagona inu.

Simungawaiwale. Nthawi ya chipani chimodzi, aphunzitsi a Muhiwa atatengedwa chifukwa chofunsa chimene anthu opanda khadi ankamenyedwera, ine ndinaimirira m'tchalitchi n'kuwapempherera. Inu munkati, "Ukamapempherera munthu uzim'tchula dzina, Mulungu si wapolisi." Zoona, koma a Matiyasi anali ndi makutu, analinso ndi njinga. Lachitatu galimoto ya apolisi inali pakhomo pathu. Zaka ziwiri ndinadya nyemba zofumbwa kundende, ndipo a mpingo akakuonani ankapatuka m'njira. Amene ankakuperekezani kudzandiona anali Abiti Saidi a kumzikiti. A Muhiwa sanabwererenso.

Pamaliro a a Matiyasiwo mwana wa malemu, wa ku Blantyre uja, anawerenga mbiri. Ati bambo ake anali msilikali womenyera ufulu wa anthu. Msilikali! Munthu amene ankathawa ngakhale bakha. Anthu n'kumagwedeza mitu, opatuka m'njira omwe aja. Kenako woyendetsa mwambo anati, "Tsopano mayi Rozina atiikire nkhata m'malo mwa onse amene anazunzika m'ndende."

Anandigwiritsa nkhata ya maluwa apulasitiki. Ndikanaika pamandapo, bodza lija likanakhala mbiri, ine mboni yake.

Ndinati tipemphere. Ndinapemphera pemphero lomwe lija, dzina la a Muhiwa n'kulitchula katatu. Ameni anamveka mmodzi yekha, wa mwana wamkazi wa a Muhiwa amene anakhala kumbuyo kwa azimayi. Ndinayenda mapazi atatu n'kuika nkhatayo pamanda panu. Amene anatha zidendene panjira ya kundende ndinu.

Abusa akuti abwera Loweruka kudzandiphunzitsa za kukhululuka. Abwere, tiyi alipo. Kukhululuka ndinakhululuka kalekale, kunama pamaso pa Mulungu ndiye sindinaphunzire.

A Matiyasiwo akafika musawamane mkeka, inu simunali otero. Koma muwakhazike moyang'anana ndi a Muhiwa, awafotokozere okha za ufulu ankamenyerawo.

Ndimakukondani, amayi. Dzina la a Muhiwa lija ndizilitchula mokweza Lamulungu lililonse, mpaka tsiku lodzandigoneka pafupi nanu.

Ndine mwana wanu,
Rozina