Ngolo ya Abambo Inali Kumapiri

Burgaw, North Carolina
Mwezi wa Okutobala

Royce, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Florida kumeneko, pamodzi ndi mlamu wanga Paulette ndi ana. Kuno tilipo. Amayi shuga yawo yatsikako, koma chifuwa sichikuwasiya chifukwa cha chinyontho. Ine ndi msana womwe uja. Tikugona kwa a Odell, aneba athu, m'chipinda chimene malemu akazi awo ankasokeramo, chifukwa kwathu makoma achita chuku kufika m'chiuno.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni umandidula. Ukangomva mawu anga akukwera, basi netiweki yavuta. Pepala lilibe podulira, ndiye werenga mpaka pansi.

Ndiyambe ndi kukukumbutsa, popeza umaiwala msanga zimene sizikukomera. Unabwera kumayambiriro kwa Seputembala kudzabwereka ngolo ya akavalo ya malemu abambo, pamodzi ndi galimoto yake yokokera. Unati dziko lonse likusonkhana kumapiri ku mpikisano waukulu, akavalo akubwera pandege kuchokera ku Ulaya, ndipo timu ina ikufuna munthu wowanyamula kuchokera pabwalo la ndege. Ndinakuuza kuti Seputembala ndi mwezi wa anamondwe, ngolo siyenera kugona kutali ndi khola. Unandiseka pamaso pa amayi, umvekere Glenda ukangoona kamtambo umayamba kukhoma chingalawa cha Nowa. Kenako unalonjeza kuti wailesi ikangotsokomola, ubwera tsiku lomwelo. Amayi anakulongedzera nkhuku yokazinga ndi chitumbuwa cha mbatata, ndipo anaima pakhonde kukubayibitsa mpaka fumbi litatha.

Wailesi sinangotsokomola, Royce, inakuwa. Pakanema ankationetsa chinthu chija chikuzungulira pakati pa nyanja, mutu wake utaloza kwathu. M'masitolo madzi ndi buledi zinatha, pamafuta mizere inafika kumsewu waukulu. Ndinakhoma matabwa m'mawindo ndekha, ndinadzaza madzi m'bafa, ndinakweza zakudya za akavalo pamwamba. Kenako ndinakuimbira.

Mawu ako ndikuwakumbukira onse. Unati akuluakulu a mpikisano apempha onyamula akavalo kuti asachoke, ngolo zikhale zomangirira kugalimoto, mwina namondwe angakhotere kumapiri. Unati mayi amene akuyang'anira timuyo akuona amene ali wodalirika, ndipo ali ndi ntchito yoti apatse munthu ku Florida. Ndinakufunsa ngati kumapiri kuli nyanja. Ndinakukumbutsa kuti amayi ndi amene unayamba kuwalonjeza. Ndiye unandiyankha mofatsa, ngati ukulangiza mwana, kuti: "Glenda, mvetsa, awa si akavalo ngati athu aja."

Si akavalo ngati athu aja! Deacon ndi amene anakuphunzitsa kukhala pamsana pa kavalo, iwe uli ndi mamina m'mphuno. Unagwa kangati, iye n'kuima phee kudikira kuti udzuke? Lero wakalamba, diso limodzi lafa, ndiye wasanduka "athu aja."

Apolisi atayamba kuyenda khomo ndi khomo kuti tisamuke, amene anabwera kudzatithandiza anali a Odell. Munthu wa zaka za m'ma sevente, bondo lake lachitsulo, ndi kangolo kawo konyamula akavalo awiri okha. M'khola munali anayi: Deacon wa abambo, Juniper wa amayi, ndi awiri aja amene timasungira ana a kwa Pridgen. Ine ndinaima pakati pa khola, manja ali lende, osadziwa chingwe choti ndigwire. Amayi ndi amene anadula nkhani. Anati za eni zimayamba kutuluka, zathu zidikire ulendo wachiwiri.

Ulendo wachiwiri sunachitike. Msewu unadzaza magalimoto othawa moti a Odell anatha tsiku lonse kuti akafike kumtunda, ndipo pobwerera anapeza apolisi atseka njira yolowera kuno. Anandiimbira akulira, munthu wamkulu uja, kupepesa ngati mlandu ndi wawo. Iwe mpaka lero sunapepese.

Ndiye ndikuuze zimene mlongo wako anachita, popeza sunafunsepo. Ndinatenga penti yopopera, ndinalemba nambala yanga ya foni panthiti za Deacon ndi za Juniper. Deacon ankanjenjemera ndi kulira kwa chitini chija, chifukwa ndinali kumbali ya diso lakufa. Ndinawavula zingwe za kumutu kuti zisawakole. Ndinatsegula zipata zonse za m'kati, n'kuwakwezera pakachitunda ka manda, pamene agona abambo ndi agogo, poti madzi sanafikepo chibadwire changa. Amayi anakana kudikira m'galimoto. Anakwera kachitunda kaja ndi ndodo yawo, akupuma movutika, anawadyetsa maswiti a m'thumba mwawo, ndipo anauza Juniper kuti asamusiye mnzakeyo, saona bwino. Titatsika sanacheuke. Ine ndinacheuka, ndipo onse awiri anali akutiyang'ana.

Anatigoneka kusukulu ina kumtunda, muholo yamasewera, mabedi opinda ali mizeremizere. Theka la mpingo wathu linali momwemo. Pakhoma panali kanema, ndipo masana ena atatha kuonetsa madenga akuuluka kunyanja, anati tiyeni tikaone mmene akonzekerera kumpikisano wa akavalo. Ndani uyo? Royce, mu jekete yatsopano, tsitsi lopesa bwino, ndipo kumbuyo kwako ngolo ya abambo itatsukidwa mpaka kunyezimira, dzina lathu lili pambali.

Unalankhula bwino, ndisakunamizire. Unati makola a kumeneko ndi olimba, majenereta alipo, madokotala a ziweto alipo, ngolo zili chire. Ndiye unayang'ana kamera n'kunena kuti ife anthu a akavalo sitisiya kavalo ndi mmodzi yemwe m'mbuyo.

Azimayi a kwaya anayamba kuyang'ana pansi, ena kukonza mabulangete okonzedwa kale. Ukudziwa zimene amayi ananena? Anati: "Mwana wanga waonda, sakumudyetsa bwino kumeneko." Ndinadzuka, ndinakalowa kuchimbudzi, ndinatsegula mpope kuti anthu asandimve.

Mphepo inadutsa, koma mvula inakhazikika ngati yapeza kwawo. Mtsinje unakwera pang'onopang'ono mpaka unameza misewu yonse. Atatilola kubwerera, ine ndi a Odell tinapita pabwato lawo lowedzera nsomba. Tinadutsa pamwamba pa mipanda yathu, Royce, injini osagunda kanthu. Nkhuku ndi nkhumba za m'mafamu a kumtunda zinkayandama zitatupa, ndipo fungo lake likadali m'tsitsi mwanga.

Kachitunda ka manda kanalibepo. Tinangoona mitu ya miyala, ndi Juniper ataima pakati pake, madzi ali m'chifuwa. Sanalire, sanasunthe. Nditamuitana anangotembenuza khutu. Ndinalowa m'madzimo n'kumumanga chingwe, ndipo tinamukoka pambali pa bwato, ine nditagwira mutu wake kuti mphuno isamire, mpaka tinafika pamene msewu unaonekera. Atatuluka, khungu la m'miyendo linkasupuka ngati la tomato wowiritsa.

Deacon tinamupeza tsiku lotsatira, pampanda wa waya wa kumitengo ya pekani. Ankabwerera kukhola, monga ankachitira nthawi ya chakudya ikakwana, ndipo waya anamukola miyendo kumbali imene saona. Nkhope sindinaizindikire. Ndinazindikira nambala yanga. Madzi ataphwa a Odell anamukumbira dzenje ndi thirakitala, pansi pa kachitunda, ndipo anavula chipewa. Amayi sindinawalole kuona.

Juniper ali moyo. Dokotala amamutsuka miyendo ndi kumanga nsalu tsiku ndi tsiku, ndipo akuti achira, koma palibe adzamukwerenso. Amayi amakhala pampando pafupi naye masana onse, kumuingitsira ntchentche.

Ngakhale zinthu zinafika pamenepo, amayi ankakuikirabe kumbuyo. Aliyense wobwera kudzatizonda ankamuuza kuti Royce anali ndi akavalo ambiri oti awapulumutse kumapiri, sakanatha kukhala pawiri. Ankati mwina unayenda maulendo ambirimbiri m'mvula, wosagona.

Amene anaulula ndi mkazi wako, ndipo usamukalipire, sanadziwe. Anaimba kudzatipatsa moni, ine manja ali ndi matope, ndiye ndinakweza mawu a foni n'kuiika patebulo. Paulette anati tithokoze Mulungu, kumapiri kunangogwa mvula, mpikisano anangoukankha tsiku limodzi, ngolo sinasunthe n'komwe pamene inaima, ndipo Royce ntchito ija wapatsidwa. Amayi anali akusenda mbatata. Anaika mpeni pansi n'kufunsa kuti: "Sinasunthe?" Paulette anati ayi amayi, ngakhale pang'ono, mwamwayi. Amayi anati zikomo mwana wanga, upereke moni kwa ana. Anatola mpeni n'kupitiriza kusenda.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lako silinatuluke pakamwa pawo. Phukusi lako la zipewa zokhala ndi mbendera za mayiko linafika. Analitsegula, anayang'ana, anandiuza kuti ndikagawire amuna amene akugumula makoma kwathu, dzuwa likuwawotcha. Ukaimba amati ndikuuze kuti agona, ali maso pambali panga. Iwe umaganiza kuti ndine ndikukutsekera, n'chifukwa unandilembera uthenga uja wonditchula kuti wanjiru. Ndikanakonda ndikanakhala ine.

Lamlungu lapitali kutchalitchi kunabwera anthu othandiza ovutika ndi madzi, ochokera kutali, sakutidziwa. Mayi wina wachifundo anakhala pambali pa amayi n'kuwafunsa ngati ali ndi ana ena oti angabwere kudzathandiza kukonza nyumba. Amayi anandiloza n'kunena kuti: "Ayi, ndi yekhayu." Ananena modekha, ngati akutchula tsiku la sabata.

Royce, iwe ukudziwa mmene takulira. Iwe unali mwana wa pamtima, ine wa ntchito. Ukathyola chinthu ankati ndi mphamvu za mwana wamwamuna, ine ndikathyola ankati ndilibe maso. Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka tsiku limene amayi adzakuone mmene ndimakuonera ine. Tsikulo lafika, ndipo silikukoma. Sakudya bwino. Nyimbo zawo za m'mawa zija anasiya. Mayi wa zaka zawo sangakwirire mwana wamoyo mumtima n'kukhalitsa, ndipo sindilola kuti uwatenge nawonso uli ku Florida.

Choncho tamvera. Sindikukuitana chifukwa ndakukhululukira. Sindinakukhululukire, ndipo usabwere ndi mlomo wako wotsekemera uja kuti undinyengerere. Usatumize maluwa, usatume Paulette, usatume abusa. Abwana akowo uwauze kuti kwanu kwagwa zovuta, tione ngati kudalirika kwako kungakugulire sabata imodzi. Ubwere ndi nsapato zamatope ndi magolovesi, chifukwa matabwa a pansi m'nyumba akufunika kuzula ndipo khola lapendekeka.

Ukafika usayambire kwa ine. Ukawapeza amayi kukhola la a Odell, ukaime pamaso pawo, uwauze ndi pakamwa pako kuti ukanatha kubwera koma unasankha kusabwera. Usatchule misewu, usatchule akuluakulu a mpikisano. Mwina sakakuyankha tsiku loyamba, mwina ndi lachiwiri lomwe. Ukaime pomwepo. Ena anaima m'malo oipa kuposa amenewo.

Undiperekere moni kwa Paulette, umuuze kuti ndilibe naye mlandu. Ana uwapsompsone m'malo mwa azakhali awo, ndipo za Deacon uwauze wekha, ine sindikuchitira ntchito imeneyo. A Odell akuti ndikupatse moni. Ndawauza kuti sukuyenera, koma akakamira, ndiye ulandire.

Mulungu akusunge panjira ndipo akufikitse kuno wamoyo, chifukwa ndili nawe mawu ena amene sangalembedwe. Amayi sanapereke moni. Ndinawafunsa.

Ndine mlongo wako,
Glenda