Kanyumba ka Ruvimbo Ndinakatentha Ndine

Budiriro, Harare
Lachiwiri, 12 Ogasiti

Wokondedwa mlongo wanga Lidiya,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira malemu bambo. Uli bwanji ku Cape Town kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Nanga bondo limene unkadandaula nalo pokwera masitepe a kwa abwana ako?

Kuno tilipo. Alamu ako a Nyarai ali bwino, akugulitsabe tomato pamene pamaima makombi. Ine maganyu osenza katundu ku Southerton akupezeka masiku ena, masiku ena ayi. Mwana wako Ruvimbo m'thupi muli bwino, koma nkhani ya kalatayi ndi iyeyo.

Usadabwe kulandira kalata ngati tabwerera m'nthawi ya agogo. Foni yako sikulowa, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Mauthenga onse angoima pa katiki kamodzi. Ndiye ndapempha Blessmore, dalaivala wa basi amene umamupatsira katundu wathu uja, kuti akufikire nayo pageti pomwe ukugwira ntchito.

Lidiya, ndachita chinthu choipa. Khala pansi kaye.

Ukukumbukira chithunzi chimene unatumiza mu Juni, cha kanyumba ka zidole ka mwana wa abwana ako? Iwe unkaseka, ukuti taonani kuno, chidole chili ndi bafa pamene ife timasambira m'ndowa. Ruvimbo sanaseke. Anachiyang'ana mpaka batire kutha, kenako n'kundifunsa ngati iweyo umagona m'kanyumba kameneko. Ndinati ayi. Ndiye anati, m'Chishona chake chija, basi sekuru mumange kathu kuno, amayi akabwera apeze pofikira. Paja zoti amalume zinamukanika, ndine sekuru basi.

Umandidziwa ine, chibadwire sindinasemepo ngakhale mpini wowongoka. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akakuyang'ana choncho, ukana bwanji? Ndinalonjeza kuti pofika tsiku lake lobadwa kadzakhala katatha.

Ndinayamba kutola matabwa a mapaleti othyoka kuntchito n'kumabwera nawo m'kombi. Makondakitala ankandinena, ati mdala, mukukhomera khoswe bokosi la maliro? Sowo ndinabwereka, hamala ndi ya bambo ija. Koyamba kanapendekeka ngati chimbudzi cha pafamu, ndinakagumula. Kachiwiri ndinadzimenya chala, chikhadabo chinachoka, mpaka pano sichinamere. Kachitatu kanaima.

Ukanakaona, mlongo wanga! Zipinda zinayi ndi khonde lake. Denga ndinadula chitini cha mafuta ophikira n'kuchipinda mizeremizere kuti chioneke ngati malata. Mawindo a botolo la pulasitiki, makatani Nyarai anadula pa pitikoti wake wakale. Bedi la mabokosi a machesi, matiresi a siponji, mapoto a zitsekerero za mabotolo. Pansi ndinapaka polishi wofiira weniweni, n'kupukuta ndi chala. Ngakhale ndowa inalimo, ya chitsekerero cha mankhwala otsukira mano, chifukwa nyumba ya ku Budiriro yopanda ndowa ndi yabodza. Khoma la kutsogolo linkatseguka lonse, mahinjesi ake chikopa cha nsapato yanga yakutha.

Ndinkakhomera kuseri kwa chimbudzi, ndikamaliza n'kufunditsa saka kuti mwana asakaone kasanathe. Za sakalo uzikumbukire, zibweranso.

Tsiku lobadwa lija unamumva wekha pafoni mmene anakuwira. Agalu a mulayini monse anauwa. Koma dzuwa lisanalowe anali atapeza kale cholakwika, akuti nyumbayi ilibe anthu.

Ndiye tinayamba kupanga anthu. Mafupa a waya, thupi la sokosi, maso ndi pakamwa kulemba ndi bolopeni. Ine, Nyarai ndi iye mwini tinali masokosi okhaokha. Pofika pa iwe waya anali atatha, ndinachita kusenda chingwe chakale cha wailesi n'kutenga waya wamkuwa. Ruvimbo anakana kuti amayi ake akhale sokosi wamba. Anadula yekha kansalu pa chitenje chako chobiriwira chimene unamusiyira, chimene amagona nacho chija, n'kukuveka. Ankakugoneka pabedi la machesi, ife tonse pansi.

Kenako anati nyumba siikhala yopanda mwini wake, tipangenso Mai Panashe, eni nyumba imene tikuchita lendi chipinda chakuseriyi. Apa ndi pamene ndinapusa.

Kansalu tinadula pa duku lawo lakale limene anatipatsa kuti tizikolopera. Tsitsi mwanayo anakatola yekha pakhonde pamene mayiwo ankapesedwa, akuti kuti afanane bwino. Ine ndinaona, ndipo ndinaseka. Ndinaseka, Lidiya! Mwana wa Mchewa, ndevu zayamba kale imvi, ndikuona tsitsi la munthu wamoyo likumatidwa pa chidole, ine gegede. Kaduku kankangogwa, guluu anali atatha, ndiye ndinatenga phini n'kubaya pamutu kuti kagwire.

Sabata yomweyo Mai Panashe mutu unawagwira, wa mbali imodzi, mpaka kumanga nsalu pachipumi. Ine ndimati ndi kuthamanga kwa magazi, paja mchere amathira ndi dzanja lonse. Loweruka anapita kukiliniki n'kupatsidwa mapiritsi. Lamulungu m'mawa, akupita kukayanika zovala, anapeza Ruvimbo akusewera padzuwa. Mwana, ndi ulemu wake wonse, ananyamula chidole ndi manja awiri n'kuwaonetsa kuti gogo, awa ndi inu.

Kukuwa kwake, mayo ine! Ndinatuluka kubafa sopo ali m'makutu, ndikuganiza kuti wina wagwidwa ndi magetsi. Anthu a pamjigo anasiya zigubu zawo pamzere, iwe ukudziwa kuti kuno munthu sasiya malo ake pamjigo ngakhale kugwe maliro. Pabwalo panadzaza mpaka ena kukwera pampanda.

Mawu amene ndinamva tsiku limenelo sindidzawaiwala. Akuti Mabhurandaya ndi choncho, dzina lija amatitchula nalo ife a makolo a ku Malawi akafuna kutinyoza. Akuti iyi ndi nyumba ya chikwambo, kanthu kaja amati munthu amaweta kuti kazimubera chuma ndi kudwalitsa anzake. Akuti anandiona masabata onsewa ndikugogoda kuseri kwa chimbudzi n'kumafunditsa saka, munthu wabwino amabisa chiyani? Mayi wina anati n'chifukwa chake nkhuku zake zinafa mu Epulo. Mu Epulo, Lidiya, pamene ndinalibe ngakhale msomali umodzi! Ndipo awa ndi anthu amene ndawasenzera madzi, amene ndanyamula nawo maliro a abale awo.

Ndinafotokoza m'Chishona, ndinafotokoza m'Chingerezi, ndinatulutsa foni kuti aone chithunzi chako chija. Palibe anafuna kuyang'ana. Nyarai, Mshona mnzawo, atayesa kulankhula anamuuza kuti akhale chete, iyeyo anadyetsedwa kalekale.

Masana anabwera ndi mneneri wa mkanjo woyera ndi ndodo yaitali. Anazula phini ija pamaso pa onse, azimayi n'kululutira. Kenako ananena kuti chidole chikavala nsalu ya munthu, chasanduka munthuyo, ndipo chimene chachitikira chidole chimachitikira mwini nsalu. Ananena mokweza, kawiri, Ruvimbo ali pomwepo atagwira siketi ya Nyarai.

Chidole cha Mai Panashe anachiika m'thumba mwake, akuti akachipempherera kumtsinje. Zotsala zonse, kanyumba ndi zam'kati, zipse dzuwa lisanalowe, ndipo woyatsa ndikhale ine amene ndinamanga. Ndinamuuza kuti ngati mawu akewo ndi oona, chidole chinacho chavala nsalu ya mlongo wanga. Anati ndisamuphunzitse ntchito. Mai Panashe anawonjezera kuti ndikakana, katundu wathu panja lero lomwe.

Tikanapita kuti, Lidiya? Anzathuwa akathamangitsidwa amakwera basi kupita kumudzi kwawo. Ife mudzi wathu unali komboni ya pafamu ku Banket, ndipo ukudziwa mmene tinachokerako. Ku Ntcheu kwa bambo sitidziwako ngakhale njira. Komanso mbiri ya chikwambo ikakumata, palibe angakupatse chipinda mu Budiriro monse, ngakhale uthawire ku Mufakose umaipeza itafika kale.

Ndinathira parafini.

Mneneri anasuzumira m'kanyumbamo n'kunena kuti pabedi pakusowa munthu. Ruvimbo anali atakutenga n'kukubisa m'malaya mwake. Ndikanatha kunama kuti chinatayika. Ndikanatha kunena kuti ichi chokha ayi, mundiphe. Sindinanene. Ndinaona maso a anthu onse aja, ndinaganiza za bedi lathu lili pamsewu, mantha anandigwira.

Palibe wina anamugwira mwana uja, ndine. Ndinamutambasula zala chimodzichimodzi, iye akuti sekuru musatero, sekuru awa ndi amayi. Ndinakulanda, ndipo ndinakuponya pamoto ndi dzanja lomwe ndikulemberali.

Matabwa a paleti sachedwa. Denga linapindika, polishi uja ananunkha bwalo lonse, anthu anaimba nyimbo n'kubwerera ku zigubu zawo. Ruvimbo sanalire. Bola akanalira.

Lolemba Mai Panashe anadzuka mutu uli bwinobwino, akukolopa pakhonde uku akuimba. Mapiritsi a kukiliniki aja palibe akuwatchula, layini yonse ikuti mneneri uja ndi wamphamvu. Ruvimbo anaona zonsezi ali pakhomo. Phini yazulidwa, mutu wapola. Ndiye anandiyandikira n'kundiuza kuti tikuimbire foni.

Tinaimba. Sinalowe. Tinaimbanso masana, tinaimbanso Lachiwiri, mpaka lero.

Ndinayesa kumulimbitsa mtima. Ndinati taona, changanso chinapsa, cha Nyarai chinapsa, chakonso chinapsa, nanga tapsa ife? Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru n'kunena kuti zathuzo zinali masokosi chabe, chovala nsalu ya mwini wake chinali cha amayi chokha. Mwana wako ndi wanzeru, ndipo nzeru zakezo ndi zimene zikumuzunza.

Lachitatu Nyarai anamupeza akufukula phulusa ndi kamtengo. Anapeza kawaya kamkuwa kaja, kali ndi manja ndi miyendo yake, kakuda bii. Anakatsuka, n'kukakulunga m'chitenje chobiriwira chija. M'mawa uliwonse amakapaka vaselini n'kumakauzira mpweya, monga Nyarai anamuchitira iyeyo atapsa ndi mbaula chaka chatha. Buledi wake amanyema pakati, theka amaika pambali pa kawayako. Ine sandilankhulanso. Ndikabwera kuntchito amangoyang'ana thumba limene muli foni, ndikapukusa mutu amatembenukira kukhoma.

Ine zamatsengazi sindizikhulupirira, ukundidziwa. Ndikudziuza kuti foni yabedwa m'sitima, kapena yagwera m'madzi ukuchapa monga inachitira ulendo uja. Koma dzulo mnzanga wina kuntchito anangotchula kuti kumeneko zisakasa zimapsa kawirikawiri nyengo yozizira ino. Ndinakumbukira kuti Lamulungu sukhala kwa abwana, umakagona kuchisakasa kwa msuweni wathu Annet, ndipo nambala ya Annet ndilibe. Ndinangokhala pa paleti, kapitawo mpaka anandifunsa ngati ndadya. Munthu wamkulu ine, ndayamba kuopa kawaya.

Sindikupempha katundu, sindikupempha kanthu kalikonse ka m'sitolo. Kalatayi ikangokufika, bwereka foni ya aliyense, ngakhale ya Blessmore yemweyo asanachoke pageti. Uimbe ya vidiyo, uime pamalo owala. Umuonetse Ruvimbo nkhope, umuonetse manja onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, pang'onopang'ono, chifukwa mawu okha sakhulupirira. Ukatero unditukwane mmene ungafunire, ndimva, wolakwa ndine. Unandisiyira mwana kuti ndimuteteze, ine ndinateteza chipinda.

Ndipo ngati abwana ako angakulole kubwera Disembala asanafike, bwera.

Matabwa ena ndatola kale, ndawabisa kuntchito poti kuno sindingalowe nawo. Ndinatuma Nyarai kuti amuuze Ruvimbo kuti sekuru amanga kena, kokongola kuposa koyamba. Anayankha kuti ndimange, koma musadzakhale munthu aliyense.

Undiperekere moni kwa Annet ndi ana ake, ndi kwa achimwene a Eliya ngati umakumana nawobe kutchalitchi. Nyarai akupereka moni wambiri, akuti akukupempherera m'mawa ndi madzulo. Mulungu wa makolo athu, amene anatisunga titachoka ku Banket ndi mabulangete okha, akusunge kumene uliko, ndipo kalatayi ikupeze uli pa miyendo yako.

Ndinamufunsa Ruvimbo ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Pamene ndimafuna kumata envelopu wabwera n'kuikamo kanthu. Kapulasitiki komanga ndi ulusi kamene ukapeze m'katimu usakataye poganiza kuti ndi chinyalala. Muli vaselini. Wauza Nyarai kuti ndikulembere kuti uzipaka kawiri pa tsiku, ndipo usamakande.

Ndine mlongo wako wolakwa,
Yoramu