Apakavalo khumi a Lusekelo

Loweruka. Tsiku lowawa.

Taseweranso nkhondo ya tiasilikali patebulo ndi Lusekelo, mphunzitsi mnzanga kuno ku Kaporo. Lamulo lake, ukachulukitsa asilikali, zida zimachepa. Ine ndinasankha makumi atatu a mikondo yokha, opanda zishango, amene ndinaumba ndekha ndi dongo la kumunda wa mpunga. Iye anatulutsa apakavalo khumi okha, ogula ku Mbeya, opaka utoto mpaka nsidze. Wandisesa tiyi wanga asanazizire.

Kugonjako ndilibe nako kanthu. Koma mkazi wanga ananyamula kavalo mmodzi, n'kumutembenuzatembenuza, n'kuuza Lusekelo kuti, "Alamu, koma muli ndi luso!" Anga aja ndinaumba masabata atatu, koma akamapukuta tebulo amangowakankha ngati miyala.

Mawa ndichepetsa gulu, otsalawo ndiwaumbire zishango. Mwina akawaona atapakidwa utoto...