Chikopa Chimene Munatumiza Chija

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kuyenda? Moniyu ndapereka chifukwa ndinaleredwa bwino, koma mtima wanga suli pamenepo ayi. Foni yanga simukuyankha, ndiye muwerenge kalata.

Kuno sitili bwino. Mlamu wanu, bambo a ana angawa, ali m'chipatala, lero ndi tsiku lachinayi. Ndikulembera pabondo, pabenchi la panja pa wodi.

Mukukumbukira chikopa cha ng'ombe chimene munatumiza pa lole? Munati ng'ombeyo munazinga nokha chifukwa inathyoka mwendo. Mlamu wanu anakachitenga pasiteji n'kuchisenza paphewa monga amachitira masiku onse, chitatsamira pakhosi. Atachiyala m'shedi kuti achipale, ndinawaona ataima nthawi yaitali, mpeni uli m'manja. Anandiuza kuti magazi ake ndi akuda, osaundana, ngati a nyama yofa yokha. Ndinati tichitaye. Iwo anati mlamu wawo sangawanamize. Munthu woti watha zaka makumi awiri akufufuta zikopa, maso ake anaona zoona, koma ulemu wa pa inu unamutseka pakamwa.

Patatha masiku atatu panatuluka kachiphuphu m'mbali mwa khosi, koyabwa ngati polumidwa ndi udzudzu. Kanasanduka thuza, thuzalo linaphulika, pakati n'kuda bii ngati khala. Nditanena za chipatala anandiseka, amvekere chilonda chosapweteka sapita nacho kwa dokotala. Anthu a zikopa ndi otero, bala kwa iwo ndi lokhalo lotuluka magazi. Anamatapo kansalu n'kubwerera kukasoka malamba. Lachisanu kolala ya shati inakana kumangika. Loweruka khosi ndi tsaya zinali chinthu chimodzi, ndipo ndinathamangira nawo kuchipatala.

Ndikuuzani zonse zimene adokotala anaona, kuti musadzanene kuti mlongo wanu amakokomeza. Ndi mayi wamfupi, wosakonda zocheza. Anavala magolovesi n'kudina pankhanambo yakudayo, kufunsa ngati pakuwawa. Mlamu wanu anati ayi. Anayang'ana mafinya, osawapeza, koma timatuza ta madzi tozungulira bala. Anayeza ndi rula. Bala lenilenilo n'laling'ono ngati batani la jekete, koma kutupa kunali kutatsikira pachifuwa. Atapapasa pansi pa chibwano anapeza mwanabere, ndipo apo pokha m'pamene bambowa anadzuma. Thupi linali moto. Anawauza kuti ameze malovu, malovuwo anachita kuvutikira kutsika. Kenako anatenga cholembera n'kujambula mzere pakhungu kuzungulira potupa ponse, kuti aone ngati kutupako kudumphe mzerewo.

Atamva ntchito yawo, anafunsa ngati agwirapo chikopa cha nyama yofa yokha. Mukudziwa zimene mlamu wanu anayankha, mawu akutuluka mosasa? Anati zikopa zawo zonse amatenga kubutchala. Munthu akulephera kumeza, koma akubisabe dzina lanu. Ndinapsa mtima.

Adokotala sanakhutire. Anati zizindikirozi ndi za anthirakisi, matenda a ziweto zimene zimangogwa n'kufa. Akakhala pakhungu amachizika munthu akafulumira, koma pakhosi ndi poipa, chifukwa kutupa kungatseke njira ya mpweya. Anawaika diripi. M'mawa mwake ndinapeza kutupa kutadumpha mzere uja ndi zala ziwiri, adokotala n'kujambula mzere wachiwiri.

Tsono imvani, ndipo ndikufuna mumve kwa ine. Ndinawatsatira adokotala pakhonde n'kuwauza zonse. Ndakutchulani, achimwene, dzina lanu ndi pamene pali khola lanu. A zaziweto abwera kale kuno, atentha chikopa chija, shedi aikhoma. Kwanuko afika sabata ino. Sindikupepesa.

Alamu, akazi anu, ndi amene anayankha foni yanga dzulo, akulira. Akuti ng'ombe zinafa zitatu m'masiku awiri, magazi akutuluka m'mphuno, ndipo inu munaletsa aliyense kunena poopa kuti khola lingatsekedwe. Nyama munaipititsa kuti, mukayankha kwa a zaziwetowo. Ine changa n'chimodzi. Akuti chikopa china munapatsa amayi kuti aziyala pakhonde, ndipo akhala akuchipala okha ndi manja awo aja ong'ambikang'ambika. Mayi anu okuberekani!

Musadikire kuti kalatayi muiwerenge kawiri. Chikopacho pasapezeke wochigwiranso mpaka a zaziweto afike. Amayi muwayang'ane manja, mikono ndi khosi, ndipo mupite nawo kuchipatala lero lomwe. Akakuuzani kuti sipakupweteka, musamvere. Kunonso sipankapweteka.

Lero kutupa kwaima pamzere wachiwiri. Mlamu wanu sakuyankhula bwino, koma m'mawa uno analemba pakapepala kuti ndisakuvutitseni. Kapepalako ndakaika m'envulopu momwemu, mukasunge ndinu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndathokoza, ndipo musawakalipire. Moni kwa ana. Amayi muwauze kuti ndibwera ndikangoona kuti bambowa ayamba kumeza. Mulungu akusungeni ndi moyo, achimwene, kuti mudzabwere kudzaliona khosi limeneli ndi maso anu.

Ndine mlongo wanu,
amene wakutchulani