Mapiritsi Amene Munataya M'chimbudzi

Guilleme, Mchinji

Alamu a Kefasi,

Moni ndikupatsani poti ndi mwambo. Muli bwanji ku Chipatako? Ndikhulupirira mukupuma bwinobwino. Kuno mkazi wanu Dyna, mng'ono wanga, akupumira makina ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

Zomwe munachita simunaiwale. Munapeza mapiritsi abuluu m'kachikwama kake, n'kuyamba kukuwa pabwalo kuti awa ndi opatsa abambo mphamvu kuchipinda, ndiye akusungira chibwenzi. Iye anakuuzani kuti ndi ake, anamupatsa kuchipatala. Inu munati palibe dokotala angapatse mkazi mankhwala a amuna. Munawaponya m'chimbudzi, munamutukwana pamaso pa ankhoswe, kenako munapalasa njinga kuwoloka malire.

Ndiye tamverani, adokotala a pamsika inu. Dokotala weniweni watifotokozera kuti m'makoma a mitsempha ya magazi ya m'mapapo muli tizipata tosaoneka ndi maso, todutsa timichere ta m'thupi. Tina tikatseguka, mtsempha umamasuka. Tikatsekeka, mtsempha umafinyika ngati kukamwa kwa thumba la mtedza lomanga ndi luzi. Kwa Dyna mitsempha imangokhala yofinyika, ndiye mtima umakankha magazi panjira yothina mpaka kutopa. Mapiritsi aja amamasula mitsempha. Inde, ndi omwewo amagula abambo, koma kwa iye ndiwo unali mpweya.

Amayi a pamjigo anamuseka mpaka anachita manyazi kukatenga ena. Ife anatibisira. Tinadziwira pamene anagwa m'munda akukumba mtedza, miyendo itatupa, milomo itada bii. Adokotala anafunsa kuti anasiyiranji mankhwala. Ndikanati chiyani, kuti tinalandira chitsiru pakhomo?

Ndakwiya nanu, alamu, ndipo sindibisa. Mwa ine ndekha sindikanawononga pepala. Walimbikira ndi Dyna, mawu akuduka pakati. Akuti safuna shuga kapena chitenje cha ku Zambia. Akuti mubwere mudzaime pabwalo lomwe lija, mudzabweze mawu anu anthu akumva, kuti mwana wanu Ivy asakule akutchedwa mwana wa hule. Kusukulu anzake ayamba kale.

Adokotala sakutilonjeza zambiri. Mukazengereza, mudzapepesa manda.

Amalume a Vitus, ankhoswe athu, akuti mukamabwera mukonzekere kuyankha funso limodzi. Ife tonse pamudzi pano mapiritsi aja sitinkawadziwa. Dyna wakhala akudwala chaka chonse, inu mukugona pamphasa yanuyanu. Nanga inu munawazindikira bwanji msangamsanga, osawerenga n'komwe pabokosi?

Mulungu akusungeni mpaka mudzayankhe. Mupereke moni kwa mayi anu, iwo sanatilakwire. Ngati aliponso wina kumeneko wofunika moni, mum'patse nokha.

Ndine mlamu wanu,
Imelda